A Chakufwa Chihana ndi chipani cha apantchito chimene sichinabadwe

Mukafunsa akuluakulu kuno ku Kasungu kuti a Chakufwa Chihana anali ndani, ambiri amayankha kuti anali mtsogoleri wa AFORD, munthu wa ku Rumphi amene analimba mtima n'kudzatsutsa Kamuzu masana dzuwa likuswa mtengo. Ena, makamaka amene mtima wawo sunachokepo pa tambala wakuda, amawonjezera kuti anali munthu wosakhazikika, lero ali ndi Kongeresi, mawa ali ndi UDF. Onsewa sakunama. Koma ndi ochepa amene amayambira pa ntchito imene bamboyu anakula nayo kuyambira ali mnyamata, yotsogolera mabungwe a anthu apantchito. M'boma ngati lathu lino, lodzaza ndi maesiteti a fodya, momwe mabanja ambirimbiri akhala akulimira anzawo osadziwa kuti pakutha pa chaka adzalandira zingati, funso lake ndi ili: zinatheka bwanji kuti munthu wotereyu afike pa mpando wachitatu m'dziko lonse, koma osasiya chipani choimira tenanti, kalaliki, mphunzitsi ndi wonyamula mabelo?

A Chihana anabadwa pa 23 Epulo 1939 ku Mhuju m'boma la Rumphi. Atatsiriza sekondale anayamba ntchito n'kulowa bungwe la Commercial General Union, ndipo ali ndi zaka 21 zokha anasankhidwa kukhala mlembi wamkulu. Masiku amenewo anthu olembedwa ntchito yolandira pamwezi m'Nyasaland anali ochepa zedi. Anali a njanji, a m'masitolo a ku Limbe ndi Blantyre, a pa fakitale ya fodya ya Imperial Tobacco, ndi othyola tiyi ku Thyolo ndi Mulanje. Amuna amphamvu ambiri thukuta lawo linkagwera kunja, m'migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, kapena m'mapulazi a ku Rhodesia. Choncho mabungwe a apantchito kuno anayamba ali ang'onoang'ono, ndipo mfundo imeneyi muisunge chifukwa ndi imene inadzawatsata a Chihana mpaka ku ukalamba.

Pa nthawi yolimbana ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, mabungwewa ndi Malawi Congress Party anali mbali imodzi. Mzungu wolemba ntchito ndi mzungu wolamula dziko anali pachibale, ndiye sitalaka iliyonse inkaoneka ngati nkhondo ya ufulu womwewo. Zinthu zinatembenuka Kamuzu atayandikira mpando. Munthu amene akukonzekera kukhala boma, ndiye kuti akukonzekeranso kukhala wolemba ntchito wamkulu m'dziko, ndipo bungwe lotha kuimitsa sitima popanda chilolezo chake silingamusangalatse. Nsanamira zinayi zija, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, zinalibe malo a munthu wonena kuti "sitigwira ntchito mpaka mutiwonjezere". A Chihana anachotsedwa m'chipani, nathawira ku Kenya komwe anakagwira ntchito ndi mabungwe a apantchito a kumeneko. Kuno kumudzi, mu 1965, bungwe lalikulu la Trades Union Congress of Malawi linalowetsedwa pansi pa chipani. Linatsala ndi dzina, ofesi ndi chidindo, koma mano linalibe.

A Chihana atabwerera kumudzi mu 1971 anamangidwa, nakhala m'ndende popanda kuzengedwa mlandu mpaka 1977. Bungwe la Amnesty International linawatenga ngati munthu womangidwa chifukwa cha maganizo ake basi. Atatuluka anapita kukaphunzira ku Ulaya, ku Oslo ndi ku Bradford, anakaphunzitsako ku yunivesite ya Botswana, ndipo mu 1985 anakhala mlembi wamkulu wa SATUCC, bungwe lolumikiza mabungwe a apantchito a maiko a kumwera kwa Africa kuno. Chodabwitsa n'chakuti ofesi ya bungweli inadzakhala ku Lilongwe komweko, pamaso pa boma limene linawasunga m'ndende zaka zonse zija.

Taonani tsono mtundu wa mphamvu imene anali nayo pofika 1990. Ankadziwika ku Lusaka, ku Harare, ku Brussels ndi ku London. Akaimba lamya, atsogoleri a mabungwe akuluakulu a apantchito padziko ankayankha. Koma analibe anthu akuno olembetsa m'kaundula, osonkha ndalama mwezi ndi mwezi, oti akawauza kuti mawa tisagwire ntchito, mafakitale n'kuimadi.

Zimene zinkachitika kuno nthawi imeneyo

Zaka zimene a Chihana anali m'ndende ndi kunja ndi zomwenso Kasungu ndi Mchinji anasanduka dziko la maesiteti. Lamulo la Special Crops Act linkaletsa mlimi wamba wa pamunda wa makolo kulima fodya wa bale ndi wa fuluu, mpaka pamene zinayamba kumasulidwa cha m'ma 1990. Fodya wa ndalama anali wa eni maesiteti: kampani za Press, nduna, aphungu, akuluakulu a chipani ndi a m'boma amene Kamuzu ankawalimbikitsa kutsegula minda ndi ngongole za kubanki. Olima enieni anali matenanti, ambiri ochokera kumwera kumene malo anachepa kalekale.

Amene sanakhalepo pa esiteti mwina sadziwa mmene utenanti umayendera. Mwini esiteti amapatsa banja ndime yoti lilime, pamodzi ndi mbewu, feteleza, makasu ndi chimanga cha phoso, zonse pa ngongole yolembedwa m'buku la kapitawo. Banja lonse limagwira: kufesa nazale, kuwokera, kubandira, kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa, kusankha magiredi. Fodya akauma, tenanti saloledwa kugulitsa kwina koma kwa bwana wake yekha, pa mtengo umene iye sanakhale nawo poukambirana. Kenaka bwana amachotsera zonse za m'buku lija, ndipo chotsalacho ndiye malipiro a chaka chathunthu. Chaka china chimatsala, chaka china tenanti amauzidwa kuti ngongole sinathe, ayambenso.

Munthu wotereyu kumulowetsa m'bungwe ndi ntchito yovuta kuposa wa pafakitale. Alibe tsiku la malipiro loti bungwe lidulepo chopereka chake. Nyumba imene akugonamo ndi ya bwana, ndiye akanyanyala ntchito wataya ndi pogona pomwe, kwawo kuli kutali, ndalama yokwerera basi alibe. Anzake amwazikana m'maesiteti otalikirana. Ndipo masiku amenewo kudandaula za bwana nthawi zambiri kunali kudandaula za mkulu wa chipani, apayoniya ali pafupi. Gulu lalikulu la anthu ogwirira ena ntchito m'chigawo chino linali lotero, ndipo panalibe mtsogoleri wa apantchito, kaya a Chihana kaya wina, amene akanatha kulifikira.

A ku Mchinji, amene Chipata ndi pakhomo ndipo wailesi ya Zambia ankaimva bwinobwino, anaona chitsanzo china. Frederick Chiluba anatsogolera bungwe lalikulu la apantchito la Zambia Congress of Trade Unions (ZCTU) kuyambira 1974. Kumbuyo kwake kunali anthu a m'migodi ya kopa, aphunzitsi ndi a m'boma, okhala pamodzi m'matauni, olankhulana chinenero chimodzi cha pantchito ngakhale anachokera m'mitundu yosiyanasiyana. Kenneth Kaunda anamutsekera mu 1981 koma bungwelo sanathe kulimeza. Pamene chipani cha MMD, chimene Chiluba anadzachitsogolera, chinkabadwa, maofesi, magalimoto ndi anthu a bungwe lija anali kale m'boma lililonse. Pa chisankho cha pa 31 Okutobala 1991 chinatenga mipando 125 mwa 150. Anthu ambiri, kuno ndi kunja komwe, anayang'ana a Chihana n'kumati Chiluba wa Malawi ndi ameneyu. Anafanana pa udindo wokha. Zimene zinanyamula Chiluba, kuno Kamuzu anali atazithyola miyendo zaka zoposa 25 m'mbuyomo.

Chaka cha 1992

Pa 8 Malichi 1992 kalata ya mabishopu a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse. Mwezi womwewo a Chihana anali pa msonkhano wa Amalawi otsutsa boma ku Lusaka, ndipo kumeneko anavomera kubwera kudzayambitsa ntchito yofuna matipate ali m'dziko momwe muno. Anadziwa chimene chinkawadikira. Pa 6 Epulo anatsika ndege pa bwalo la Kamuzu ku Lilongwe, anayamba kuwerenga mawu awo, apolisi n'kuwagwira asanamalize. Mawu awo otchula Kongeresi kuti chipani cha imfa ndi mdima anafalikira ponseponse, ndipo dzina loti Simbi ya Moto linawakhala. Pamenepa tisachotserepo kanthu. Anthu ena odziwika anali atafera zinthu zochepa kuposa zimenezi, ndipo iwo ndende ankaidziwa kale kukoma kwake.

Mwezi wa Meyi, ogwira ntchito pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre ananyanyala ntchito, moto n'kufalikira m'makampani ena, ku Lilongwe mpaka m'minda ya tiyi ndi fodya. Apolisi anaombera, ndipo anthu pafupifupi 40 anafa. Chofunika kuchiona n'chakuti sitalaka zimenezi sizinaitanidwe ndi bungwe lililonse. Anthu anangotopa ndi malipiro osakwana thumba la ufa n'kutuluka okha. Mtsogoleri wa apantchito wotchuka kwambiri m'dziko anali m'chitokosi, ndipo panalibe ulusi womumangiriza iye ndi anthu amene ankaguba mu msewuwo. Amene anamuteteza kuti asaphedwe anali a kunja: mabungwe a apantchito a ku Ulaya ndi America anachita phokoso, ndipo mwezi womwewo maiko othandiza Malawi, atakumana ku Paris, anaimitsa thandizo lonse kupatula la anthu ovutika.

AFORD inakhazikitsidwa mu Seputembala 1992. Mu Disembala khoti linawagamula a Chihana kuti akagwire ukaidi zaka ziwiri pa mlandu woukira boma, chilango chimene chinatsitsidwa n'kukhala miyezi 9 atachita apilo. Anatuluka pa 12 Juni 1993, kutatsala masiku awiri kuti riferendamu yosankha pakati pa chipani chimodzi ndi matipate ichitike. Nyali, chizindikiro cha matipate, inapambana ndi mavoti pafupifupi 63 pa 100 alionse, koma chigawo chapakati chino, anthu awiri mwa atatu alionse anavotera tambala. Miyezi imene iwo anali m'ndende ndi imene a Bakili Muluzi ndi anzawo a UDF, ambiri a iwo anthu a bizinesi ndi akale a Kongeresi odziwa mmene chipani chimamangidwira, ankayendayenda kumwera kumene kuli theka la anthu a dziko lino.

Masamu a m'Nyumba ya Malamulo

Pa chisankho cha pa 17 Meyi 1994 a Muluzi anapeza mavoti 47 pa 100 alionse, Kamuzu 33, a Chihana pafupifupi 19. Mwa mipando 177, UDF inatenga 85, MCP 56, AFORD 36. Mwa 36 imeneyo, 33 inali mipando yonse ya kumpoto. Wa pafakitale ku Ndirande anavotera UDF, tenanti wochokera ku Mulanje mtima wake unali komweko, mlimi wa kwa Lukwa anavotera Kongeresi. Palibe anavota ngati wapantchito. Anthu a kumpoto anali ndi zifukwa zawo zomveka zogwirira pamodzi, pokumbukira zinthu ngati za mu 1989 pamene aphunzitsi ochokera kumeneko analamulidwa kubwerera kwawo. Koma zotsatira zake n'zakuti munthu amene moyo wake wonse anaphunzira kusonkhanitsa anthu potengera ntchito yawo anapezeka akutsogolera anthu osonkhana potengera kwawo.

Komabe mipando 36 ija inali ya mtengo wapatali. Kuti boma lidutsitse bilu kapena bajeti pankafunika aphungu 89, ndipo UDF inaperewera ndi anayi. Amene akanagwirizana ndi a Chihana ndiye akanalamulira Nyumbayo. Poyamba anagwirizana ndi MCP yomwe ija anaitchula ya imfa ndi mdima, ndipo a Rodwell Munyenyembe a AFORD anakhala sipikala. Pasanathe miyezi yambiri anawolokera ku boma. Malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti pakhale mpando wa wachiwiri kwa wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, ndipo iwo ndiwo anayamba kuukhala. Mu 1996 anatula pansi udindowo ponena kuti m'boma mwachuluka katangale, koma nduna zina za AFORD zinakana kutuluka nawo. Mu 1999 anaima ngati wachiwiri wa a Gwanda Chakuamba a MCP, nagonja, AFORD n'kutsika kufika pa mipando 29. Mu Julaye 2002 bilu yoti mtsogoleri wa dziko aziima maulendo osawerengeka inabwera m'Nyumba kudzera mwa phungu wa AFORD, a Khwauli Msiska, a Chihana akuivomereza, ndipo inalephera ndi mavoti atatu okha. Mu 2003 anabwereranso pa mpando uja, chipani chinagawanika, ndipo pa chisankho cha 2004 chinatsala ndi aphungu 6.

Ambiri amati linali dyera basi, ndipo sindinganene kuti mipando ndi magalimoto a boma sizinawakope. Koma ine ndimaona kuti palinso china, chochokera ku ntchito yawo yakale. Mtsogoleri wa apantchito sasankha woti akambirane naye. Amene wagwira thumba la ndalama ndi yemweyo, kaya amamukonda kaya ayi. Lero amutukwana pa geti, mawa akhala naye patebulo, asainirana, ndipo kusainako ndiko kupambana. Mgwirizano ukatha nthawi yake kapena bwana akaphwanya lonjezo, amatulukanso n'kuyambiranso. Palibe amamutcha wachinyengo, chifukwa ntchito yake ndi imeneyo. A Chihana anatenga luso limeneli n'kulowa nalo m'ndale, kumene wovota amaona mosiyana. Kwa mayi amene mwamuna wake anafera ku ndende ya Mikuyu, kugwirana chanza ndi Kongeresi sikunali kukambirana, kunali kuiwala maliro. Kwa amene anaguba kukana teremu yachitatu, kuvomereza bilu ija kunali kugulitsa chinthu chimene iwo omwe anachivutikira m'ndende. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa.

Pali kusiyana kwinanso. Wa bungwe akachoka patebulo amabwerera kwa anthu ake ndi chinthu chowerengeka: malipiro akwera ndi makwacha akuti, ochotsedwa ntchito abwezeretsedwa. Anthuwo akakana, mgwirizano wafa, ndipo pa msonkhano waukulu wotsatira akhoza kumuchotsa. Zimene a Chihana ankabwera nazo kuchokera ku Sanjika zinali maunduna a anthu owerengeka, ndipo panalibe msonkhano wa ovota woti uvomereze kapena kukana. Ndime 64 ya malamulo aakulu, imene inkapatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo nthawi yake isanathe, aphungu anaifafaniza mu 1995, AFORD ili m'boma. Chingwe chimene chimamugwira mtsogoleri wa apantchito kuti asapite patali ndi anthu ake, m'Nyumba ya Malamulo munalibe.

Nanga apantchito anapindulanji?

Sikuti anatuluka chimanjamanja. Ndime 31 ya malamulo aakulu imapereka ufulu woyambitsa ndi kulowa mabungwe a apantchito, ndipo imalamula boma kuteteza ufulu wonyanyala ntchito. Malawi Congress of Trade Unions (MCTU) inadzukanso mu 1995. Lamulo la Labour Relations Act la 1996 linabweretsa khoti lapadera la milandu ya pantchito, ndipo Employment Act ya 2000 inaika ndondomeko ya makontirakiti, tchuthi ndi kachotsedwe ka munthu pantchito. Popanda ufulu umene a Chihana anaumangidwira, zonsezi sizikanabwera nthawi imeneyo.

Koma zaka zomwezo boma linkagulitsa makampani ake motsatira malangizo a World Bank ndi IMF, ndipo anthu ambiri anachotsedwa ntchito. Njanji imene a Chihana anayambirapo kulimbana ndi mabwana inaperekedwa kwa kampani yoima payokha mu 1999, David Whitehead anagulitsidwa mu 2003. Mabungwe analandira ufulu wolankhula pa nthawi imene mamembala awo ankatha. MCTU nayo inasankha kusakhala ya chipani chilichonse, pokumbukira zimene zinachitika mu 1965, ndipo munthu sangaidzudzule. Ku Zambia komwe kunali chitsanzo chija, Chiluba atalowa m'boma anagulitsa migodi n'kuyambana ndi anzake akale a ZCTU, moti ngakhale kukhala ndi bungwe lamphamvu kumbuyo sikunatsimikize kuti wapantchito adzakumbukiridwa.

Za matenanti ndiye zinakhalitsa. Bungwe lawo, la Tobacco Tenants and Allied Workers Union, linayamba m'zaka za matipate zomwezi, ndipo bilu yofuna kuika malamulo pa utenanti inalembedwa cha pakati pa zaka za m'ma 1990. Inangokhala m'madirowa, maboma akusinthana. A Chihana, amene anakhalapo phungu wa Rumphi Central, dera lolimanso fodya, anali nduna ya zamalimidwe mu ulamuliro wa a Muluzi chakumapeto ndiponso kumayambiriro kwa ulamuliro wa a Bingu wa Mutharika, koma biluyo sinasunthe. Kuwasenzetsa okha mlanduwu kungakhale kulakwa, popeza m'zipani zonse munali aphungu ena amene iwo eni anali ndi maesiteti ndi matenanti awo. Koma ngati panali munthu mmodzi m'nduna zonse amene tenanti wa ku Santhe kapena ku Mkanda akanayembekezera kuti amenya tebulo chifukwa cha iye, anali iwowa.

A Chihana anamwalira pa 12 Juni 2006 ku Johannesburg atachitidwa opaleshoni ya chotupa cha mu ubongo, naikidwa ku Mzuzu mwaulemu wa boma.

Utenanti unadzathetsedwa pa lamulo mu 2021, ndipo chimene chinakankha kwambiri sichinali chipani. Mu Novembala 2019 dziko la America linalamula kuti fodya wa ku Malawi azigwidwa pa madoko ake chifukwa cha nkhani zogwiritsa ntchito ana ndi kukakamiza anthu ntchito, ndipo makampani ogula fodya ku Kanengo ndi ku Chinkhoma anaona msika wawo uli pachiswe. Chaka chomwecho cha 2021, Nyumba ya Malamulo inasinthanso Labour Relations Act kuti wolemba ntchito azitha kudula malipiro a munthu amene wanyanyala ntchito kupitirira masiku atatu pa chaka. MCTU inakana mwamphamvu, koma biluyo inadutsa ndipo mtsogoleri wa dziko anaisainira.